Mutu 6: Funso la m'Chitchaina

1. Chenjezo la don Eulogio

Ine ndine Brígida. Ndakhala mlembi wa komiti ya madzi m'dera lathu kuyambira mutu wanga usanachite imvi. Ndimatsegula ofesi, ndimasesa, ndimasindikiza matikiti a madzi. Mlimi wopanda tikiti samutsegulira ngalande, ngakhale alire bwanji. Za Dalila ndinaziona ndi maso anga, ndiye ndizinena mmene zinayendera.

Dalila Ñiquen anali mtsikana wa kusekondale, mwana wa mlimi wa mpunga. Akaweruka ankapita kwa don Eulogio Chafloque kukaphunzira za makompyuta. Don Eulogio ndiwo analemba pulogalamu yathu, yosunga dzina la mlimi aliyense, munda wake ndi maola ake othirira. Zamapepala tinazisiya kalekale. Zonse zinali m'kompyuta imodzi ya patebulo langa.

Chaka chimenecho komiti inagula makina atsopano osindikizira, koma pulogalamu yakale inawakana. Don Eulogio anakonza yatsopano. Analembanso kapulogalamu koyikira, kaja kamene umangodina iko n'kulowetsa zonse m'malo mwake. Asanakayike, anaitanidwa ku Trujillo kukachitidwa opaleshoni ya maso. Kuyesa ndi kuyika anasiyira Dalila.

Anadzera kuofesi chikwama chili m'manja, n'kumukhazika mtsikanayo pabenchi.

"Tamvera, mwanawe," anatero. "Kapulogalamu koyikiraka n'kosauka. Pakokha sikangathe kuonetsa bokosi pasikirini, sikangathe kufunsa munthu funso. Kakafuna zimenezo kamagogoda kwa Windows, kumene kuli laibulale ya antchito okonzedwa kale, n'kuitana mmodzi potchula dzina lake. Zili ngati bambo ako akalawirira pabwalo kukatenga aganyu. Waganyu si m'bale wako. Safunsa kuti, 'Kodi bwana mukutanthauza chiyani?' Ukati adule, adula. Ukamulozera munda wa eni ake, akadula womwewo, ndipo mlandu ndi wako.

"Tsono ambiri mwa antchitowo ndi mapasa. Wina dzina lake limathera ndi A, mnzake ndi W. Nkhope imodzi, ntchito imodzi, koma kalandiridwe ka katundu n'kosiyana. Wa A amatola mawu kachidutswa kamodzikamodzi. Wa W amatola tiwiritiwiri. Ife mawu athu tinawalongedza mwa A, n'chifukwa chake timaitana wa A. Usasinthe dzina la wantchito usanadziwe mmene amalandirira. Usakhulupirire mzere umene sunauyese. Ndipo usanayike chilichonse pakompyuta ya doña Brígida, uyambe wakopera zonse za alimi pafulashi. Wamva?"

"Ndamva, aphunzitsi."

"Bwereza."

Anabwereza osaphonya liwu. Ine ndinangomvapo za aganyuzo. Ndinawauza don Eulogio kuti zakwana, basi yawo iwasiya.

2. Chilembo cha kachipewa

Inali nthawi ya tchuthi, mbande za mpunga zitakula, zikudikira kuwokeredwa. Madzi anali oti atsegulidwe Lolemba masana. Matikiti anayenera kutuluka m'mawa wa tsiku lomwelo.

Zotsatirazi Dalila anandiuza yekha pambuyo pake.

Loweruka anayesa kapulogalamuko palaputopu yake kunyumba. Kanayenda bwino. Pomaliza panatuluka bokosi lonena kuti zonse zalowa, pamwamba pake pali dzina la don Eulogio. Dalila anaona kuti nayenso wagwirapo ntchito, ndiye analembapo lake. Atayesanso, dzinalo linatuluka lolumala. Pamalo pa Ñ, chilembo chathu chovala kachipewa, panali zizindikiro ziwiri zonga mapazi a nkhuku.

Anthu a banja la Ñiquen salekerera pa kachipewa kameneka. Bambo ake anabwezapo satifiketi kusukulu chifukwa cha komweko.

Dalila anafufuza paintaneti. Munthu wina wosadziwika, woyankha funso la munthu winanso, anali atalemba kuti: "Zilembo zikamawonongeka, itana wa W." Mtsikanayo anatsegula malangizo a don Eulogio, ndipo paliponse pamene ankaitana wantchito woonetsa mabokosi anachotsa A n'kuikapo W. Kalongedzedwe ka mawu sanakakhudze. Asanayese, mayi ake anamuitana kuti akathandize kusosola abakha a Lamlungu. Anangomanga kapulogalamuko n'kukaika pafulashi.

"Chinali chilembo chimodzi chokha, doña Brígida," anatero pondiuza.

"Mano a njoka nawonso ndi aang'ono," ndinamuyankha.

3. Inde kapena Ayi

Lolemba ndinapeza alimi atadzaza kale pakhonde, matope ali m'miyendo. Wapampando wathu, don Nicanor Quesquén, anafika atavala malaya oyera. Ndi munthu wamkulu thupi, wokonda kuyankhula pagulu, ndipo makina atsopanowo ankawatchula ngati anawabereka yekha.

Dalila anakhala pampando wanga n'kulowetsa fulashi.

"Ndiyambe ndakopera zakale," anatero.

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?" anafunsa don Nicanor.

"Pang'ono chabe."

"Pang'ono pa ana a masiku ano ndi mpaka nkhomaliro. Anthu ali ndi aganyu kuminda. Ika, mwana wa Ñiquen, tione zimene wakhala ukuphunzira."

Dalila anayang'ana ine. Ine ndinali kukangana ndi mlimi wina wofuna kudumpha mzere. Anadina.

Mzere wobiriwira unayamba kuyenda, kenako unaima. Pakati pa sikirini panatuluka bokosi. Mawu onse m'bokosimo anali zilembo za Chitchaina, zothithikana ngati nyerere pa shuga. M'munsi munali mabatani awiri okha owerengeka: Inde ndi Ayi.

"Zatha?" anafunsa wina kumbuyo.

"Sizinayambe n'komwe," ndinatero. "Dalila, ichi n'chiyani?"



"Ndi makina osindikizirawo," anatero mlimi wina. "Pabokosi pake analemba kuti anapangidwa ku China. Akupereka moni."

"Moni wofuna inde kapena ayi?"

"Mwina akufunsa ngati tagona bwino."

"Atchaina agula mtsinje," anatero wina. "Ndinanena ine chaka chatha, munandiseka."

"Unanena kuti agula phiri."

"Mtsinje umachokera kuti?"

Don Nicanor anakweza dzanja. "Khalani chete. Ameneyu ndi vairasi. Kachilombo ka makompyuta. Si choncho, mtsikana?"

Dalila anayang'ana pansi. Sanavomere, sanakane. Don Nicanor anatenga kukhala chete kwakeko ngati inde. Anazula fulashi ija n'kuiika m'thumba la malaya, ati isapatsire ena.

Ndinamukokera mtsikanayo pakona. "Bokosi ili limafunsa chiyani likakhala bwinobwino?"

"Sindinalionepo," ananong'ona. "Kunyumba silinatuluke, chifukwa laputopu yanga ilibe za alimi. Aphunzitsi anati kakapeza zakale kamafunsa."

"Kamafunsa kuti chiyani?"

"Mwina kuti 'Tisunge zakale?' Mwina kuti 'Tifafanize zakale?' Sindikudziwa."

"Ndiye batani limodzi lisunga, lina lifafaniza maola a alimi onse."

"Eya."

"Ndipo sunakopere."

Anapukusa mutu.

Ndinakhala pansi. Kukonzanso maola kuchokera m'mitu ya anthu n'kuitana nkhondo, chifukwa aliyense amakumbukira kuti anali woyamba. Mbande zikanauma tikukangana, ndi za bambo ake a Dalila zomwe. Ndinaimbira don Eulogio, koma foni yawo inali yozimitsa. Wina anati tizule chingwe cha magetsi. Ndinamuuza kuti wokhudza chingwecho ndimuswa ndi tsache.

"Nkhani ndi yophweka," anatero don Nicanor. "Funso lili m'Chitchaina. Itanani Mtchaina."

4. Señora Lau awerenga

Kutsidya kwa bwalo kuli malo odyera a banja la Lau, kumene tonse timagula mpunga wokazinga. Tinatuma munthu. Anabwera Wilfredo Lau, akupukuta manja pa epuloni. Anayang'ana sikirini n'kuseka.

"Don Nicanor, ine ndinabadwira kuseri kwa msika, tinaphunzira kalasi imodzi. Chitchaina changa chimathera pa mayina a zakudya."

"Ndiye palibe chakudya pamenepa?"

"Chikanakhalapo ndikanakuuzani mtengo wake. Dikirani ndikatenge mayi."

Señora Lau ndi okalamba kuposa ine. Anabwera kuno kuchokera ku Canton, ku China, ali mtsikana, kudzakwatiwa. Analowa pang'onopang'ono, alimi n'kuwapatsa njira. Anavala magalasi, n'kuwavula, n'kuwavalanso.

"Comadre mnzanga," anatero kwa ine, "walemba izi ndani?"

"Tikufunsa inuyo."

Analoza ndi chala. "Ichi sindinachionepo chibadwire. Ichi chikufanana ndi hatchi, koma hatchi yake ili ndi miyendo yambiri. Ichi ndi mtundu wa nsungwi, kapena matenda a pakhungu. Ichinso sindichidziwa."

"Hatchi yodwala yadya nsungwi," anatero wina kumbuyo. "Ndi ya Gumercindo imeneyo."

"Hatchi yanga ilibe kanthu. Amene akudwala ndi mlamu wako."

"Ichi," anapitiriza señora Lau, "chili ndi timadontho titatu pambali. Timadonthoto timasonyeza za madzi."

Don Nicanor anawomba m'manja kamodzi. "Mwamva? Madzi. Pulogalamu ya madzi ikufunsa za madzi. Ikuti, 'Mukufuna madzi?' Alipo pano amene sakufuna madzi?"

Anthu anang'ung'udza movomereza.

Señora Lau anavula magalasi n'kuwapinda. "Nicanor, ndinakudyetsa uli ndi mamina, ndiye undimvere. Izi ndi zilembo, koma si mawu. Zili ngati munthu wagwetsa thumba la nyemba, mpunga ndi chimanga, iwe n'kumati wakuphikira. Palibe Mtchaina analemba zimenezi, ngakhale woledzera. Ndipo ndikuuze china. Agogo a mwamuna wanga anafika m'dziko lino pa sitima ya pamadzi. Asanakwere, anawaonetsa pepala lomwe sankatha kuliwerenga. Mzungu wina analoza liwu limodzi n'kunena kuti likutanthauza ntchito. Iwo anati, 'Ntchito ndiye tikuifuna,' n'kudinda chala. Anadula nzimbe zaka zambiri ngati akapolo, akugona chitseko chokhoma kunja. Kwathu mpaka lero sitivomera chinthu chifukwa tazindikiramo liwu limodzi. Inde wa munthu wosawerenga ndi chingwe cha m'khosi mwake."

"Zimenezo n'zakale, señora," anatero don Nicanor. "Apa palibe sitima. Dzuwa lakwera."

Anakhala pampando wanga. Mpandowo unalira. Anagwira mausi n'kuyamba kukankha kamuvi kulowera pa Inde.

5. Dalila ayankhula

Dalila anadumpha n'kugwira dzanja la wapampando ndi manja ake onse awiri.

"Musadine, don Nicanor. Si vairasi. Ndine."

Onse anatembenukira kwa iye.

"Ndiwe Mtchaina?" anafunsa Gumercindo.

"Ndinasintha malangizo a aphunzitsi. Ndinaitana wantchito wa W m'malo mwa wa A. Mawu ali m'bokosimo ndi athu omwe, koma iye akutola zilembo ziwiriziwiri n'kuziumba kukhala chimodzi. N'chifukwa chake zikuoneka choncho."

"Wantchito uti?" anafunsa don Nicanor, akuyang'ana pakhomo. "Komiti sinalembe munthu wina ntchito."

"Ali m'kati mwa Windows."

"Amalipidwa ndi ndani?"

"Si munthu, don Nicanor."

"Nanga unasinthiranji?" ndinamufunsa.

Nkhope yake inagwa. "Dzina langa linkatuluka lopanda kachipewa."

Anthu anaphulika kuseka. Wina anati mbande za dera lonse zife chifukwa cha chipewa cha a Ñiquen. Wina anati amugulira chipewa cha mlaza pamsika, chachikulu, avale banja lonse. Dalila analola kuti aseke. Misozi inali m'maso koma dzanja la wapampando sanalisiye.

"Funso lenileni lalembedwa m'malangizo, m'chilankhulo chathu," anatero. "Ali palaputopu yanga kunyumba. Ndiloleni ndikatenge. Koma choyamba mundibwezere fulashi, ndikopere za alimi. Bokosilo lidikira."

"Unadziwa zimenezi kuyambira pachiyambi," anatero don Nicanor, "n'kutisiya tikuvutitsa señora Lau?"

"Eya. Ndinachita mantha."

Señora Lau anati iwo sanavutike, kunyumba kunalibe choonera. Don Nicanor anatulutsa fulashi ija monyinyirika. Dalila anakopera zonse, ndipo sizinatenge nthawi yokwanira kumwa kapu ya khofi. Kenako anathamangira pabwalo n'kukwera mototakisi, njinga yamoto yonyamula anthu. Ine ndinaima pafupi ndi kompyuta, tsache lili m'manja.

Atabwera anatsegula laputopu n'kuyendetsa chala pamizere. Tonse tinamuunjirira ngati tikumva.

"Napa," anatero. "Akuti, 'Zakale zapezeka. Tifafanize, tiyambe nyengo yatsopano?'"

Palibe anaseka. Don Nicanor anachotsa dzanja patebulo n'kuliika m'thumba.

"Ndiye dina Ayi," ndinatero.

"Dikirani, ndione chimene kamachita ndi yankho. Wantchitoyo akabwera ndi 6, kamafafaniza. Akabwera ndi 7, kamasunga."

"6 ndi 7 zachokera kuti? Pali Inde ndi Ayi."

"Iye sabweza mawu, amabweza nambala. Ndikufuna nditsimikize kuti Ayi ndi 7."

Anatsegula buku la Windows la paintaneti n'kuwerenga mpaka anapeza. Don Nicanor anatsegula pakamwa kuti anene za dzuwa, koma atandiona anatseka. Dalila anadina Ayi.

Mzere wobiriwira unayendanso mpaka kumapeto. Panatuluka bokosi lina la Chitchaina, koma ili linali ndi batani limodzi. Ndinatsegula pulogalamu. Mayina onse analimo, ndi maola awo. Makina atsopano anakhosomola n'kulavula tikiti yoyamba.

Alimi anaiwala za Dalila nthawi yomweyo n'kuyamba kukankhana pamzere.

Nditamaliza kugawa, ndinamupeza atakhala pabenchi, akubwezera A paliponse pamene anaika W.

"Tamvera, iwe," ndinatero. "Ine za mapasa anuwo sindizidziwa ndipo sindikuzifuna. Koma ndaona zinthu zitatu. Unauzidwa kuti usasinthe, unasintha. Unauzidwa kuti ukopere, unaopa malaya oyera. Zimenezo don Eulogio akadziwa chochita nawe. Chachitatu ndicho changa. Unakhala chete anthu akunamizira vairasi, Atchaina ndi hatchi ya Gumercindo. Kulakwa ndi kwa aliyense, ngakhale ine ndinasindikizapo tikiti ya munthu wakufa. Koma wolakwa akatseka pakamwa, anzake amayamba kuchiza matenda omwe kulibe, ndipo mankhwala awo ndiwo amapha. Lero wayankhula chala chili kale pabatani. Mawa uyankhule munthu asanakhale pampando. Ndipo dzina lako lidzalembedwa bwino ukadzaphunzira kulilemba, osati polanda nzeru kwa munthu wapanjira."

"Ndamva, doña Brígida."

"Usabwereze. Kubwereza umakutha, taona."

6. Ofesi ya kumtunda

Ndinatenga makiyi kuti nditseke, tikadye. Dalila sanadzuke. Ankayang'ana laputopu, manja ali pamiyendo.

"Tiye," ndinatero.

"Pali china."

Ndinabweza makiyi patebulo. "Nena msanga."

"Dzulo don Teófilo, mlembi wa komiti ya kumtunda, anabwera kwathu kudzadya bakha. Nawonso anagula makina ngati athuwa. Bambo anawauza kuti ine ndakonza pulogalamu."

"Ndiye?"

"Ndinawakoperako. Anati ayika lero akaweruka kumunda."

Komiti ya kumtunda ndiyo imagwira geti lalikulu la madzi. Maola awo akasokonekera, kuno sikufika dontho, tikiti ikhale m'manja kapena ayi. Ndipo Teófilo ndimamudziwa bwino. Ndi munthu wovomera chilichonse. Ukamufunsa ngati akufuna supu kapena nsomba, amati inde.

Ndinaimba foni ya kuofesi kwawo. Inaitana mpaka inaduka yokha. Ndinaimba ya m'manja. Anayankha mkazi wake, n'kunena kuti foni waisiya pakhomo, iye wangonyamuka kumene kupita kuofesi, fulashi ili m'thumba.

"Wapita pa chiyani?"

"Pa njinga yake yakapalasa."

Ndinadula. Ndinavula epuloni, ndinakhoma chitseko, n'kuimitsa mototakisi yoyamba imene inadutsa. Woyendetsa anayamba kunena kuti msewu wa kumtunda ndi woipa, mlatho wamatabwa anauchotsa, tiyenera kuzungulira. Ndinamuuza kuti andifotokozere tikuyenda.

"Nyamula laputopuyo," ndinamuuza Dalila. "Kwera."